Mafunso Anu: Bwanji anthu a pa zithunzi izi akuoneka ngati odwala?

FUNSO: Achimwene, mwana wanga akuphunzira zojambula ndiye anandionetsa pafoni zithunzi zakale za ku Germany akuti ndi expressionism. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale nkhope zobiriwira, manja akuluakulu, nyumba zopendama ngati zigwa pompano. Kodi ojambulawa samatha kujambula kapena anali atalawa? Koma akuti ndi zodula kwabasi.

YANKHO: Mayi, ankatha bwinobwino, kupotozako ndi dala. Gulu lomwe linayambitsa izi ku Dresden mu 1905, lotchedwa Die Brücke, anali anyamata anayi ophunzira zomangamanga, Ernst Ludwig Kirchner, Erich Heckel, Karl Schmidt-Rottluff ndi Fritz Bleyl, ndiye mzere woongoka ankaudziwa kuposa inu ndi ine. Kungoti kamera inali itabwera kale, kujambula munthu ndendende sikunalinso nkhani, iwo ankafuna chithunzi chionetse zomwe munthu akumva mkati, kutopa, mantha, phokoso la makina lomwe limangolirabe m'mutu olo wafika kunyumba.

Nthawi yake inalinso yovuta. Berlin mu 1871 munali anthu pafupifupi 800,000, pofika 1905 anali atakwana 2 miliyoni, ambiri ochoka kumidzi kudzafuna ntchito m'mafakitale a zitsulo ndi a zamagetsi, kumagona mopanikizana m'manyumba alendi amdima. Kirchner atasamukira ku Berlin mu 1911 anayamba kujambula misewu, onani chithunzi chake cha 1914 cha Potsdamer Platz, bwalo la mphambano za misewu mumzindamo, azimayi awiri aima pakati pa msewu pa kamalo kozungulira, wina nkhope yobiriwira, msewu nawo wobiriwira, azibambo ovala zakuda akuyenda miyendo tang'a chapafupi, palibe akuyang'ana mnzake m'maso. Koma kunena chilungamo Kirchner mtima wake unali pa tawuni ndi moyo wausiku, za anthu apantchito sanalowemo kwenikweni.

Mukafuna antchito enieni pitani kwa Edvard Munch wa ku Norway, yemwe uja anajambula chithunzi chotchuka cha munthu wokuwa atagwira m'masaya. Cha m'ma 1913 mpaka 1914 anajambula antchito akuweruka, chikhamu chikubwera molunjika kwa iwe woonera, wapakatiyo zibakera zofumbata maso ali tong'o, miyendo yawo anaijambula mizere ingapo yoonekera mkati moti umachita kuona kuti akuyenda, umafuna kupatuka kuwapatsa njira. Kwa ine chimenechi ndiye chithunzi chonena zoona kwambiri pa nkhani ya ntchito, chifukwa anthuwo atopa inde koma si omvetsa chisoni ayi, ali ndi mphamvu yoopsa.

Wina ndi Conrad Felixmüller, mu 1920 anawina mphoto yoti akaphunzire ku Rome iye ndalamazo n'kupita nazo ku Ruhr, dera la migodi ya malasha, kukajambula anthu amumgodi, machumuni akufuka utsi, nkhope zakuda ndi fumbi maso okha kuyera. Ndiye pali mayi Käthe Kollwitz, amuna awo anali dokotala wa anthu osauka ku Berlin moti njala ndi matenda a mabanja a antchito ankaziona pakhomo tsiku ndi tsiku. Iwowa penti wamitundumitundu analibe naye ntchito, zawo zambiri ndi zodinda zakuda ndi zoyera basi, monga zija za owomba nsalu a kudera la Silesia omwe anaukira mabwana awo mu 1844. Manja akuluakulu mukunenawo ndi pamenepa, munthu yemwe chuma chake chonse ndi manja umujambula ndi timanja tosalala bwanji?

Ngati mwana wanu akufuna kuona kusiyana, ayike pambali chithunzi cha Adolph Menzel cha 1875 cha fakitale yosula zitsulo. Chilichonse chili m'malo mwake, ng'anjo, mawilo, anthu akudya pakona, ena akusamba, chokongola zedi koma umaonera uli panja.

FUNSO: Akulu, ndinamva zoti boma linaletsa zithunzi zimenezi, nzoona?

YANKHO: Nzoona bambo. Chipani cha Nazi cha Hitler, chomwe chinkalamula Germany nthawi imeneyo, chinati ndi zonyansa zoononga mtundu, chinazichotsa m'nyumba zosungiramo zojambula, ndiye mu 1937 ku Munich anakonza chionetsero chotchedwa Entartete Kunst, kutanthauza zojambula zolowa pansi, n'cholinga choti anthu akaziseke, kuzipachika mothithikana ndi mawu onyoza pakhoma. Anthu anapitako oposa 2 miliyoni. Za Kirchner zokha analanda zoposa 600, ndipo iye anadzipha chaka chotsatiracho kufupi ndi Davos ku Switzerland. Zina anazigulitsa kunja kuti apeze ndalama zakunja, zina anaziotcha ku Berlin mu 1939, nchifukwa chake zina timangozidziwira pa mafoto akale opanda mtundu.