Wojambula X-ray wa ku Mangochi wafunsa: kodi ndingakhale wofufuza za mapapo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amajambula X-ray pa chipatala china m'boma lathu lino la Mangochi. Anapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Mwachidule anati: "Ndinawerenga pa intaneti mbiri ya pulofesa wina wakunja amene amafufuza matenda a mapapo pogwiritsa ntchito zithunzi. Akuti analemba mapepala mazanamazana, ndipo anaikapo nambala ina yotchedwa h-index. Kodi manambala amenewa amatanthauza chiyani? Ine ndili ndi dipuloma chabe, ntchito yanga ndi kujambula zifuwa m'mawa mpaka madzulo. Munthu ngati ine angafike kumeneko, kapena ndingozisiya?"

Achemwali, musazisiye. Ndiyambe ndi manambalawo kuti asakuopseni.

Wofufuza akamaliza ntchito yake amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya zachipatala, kumene akatswiri ena amayamba alifufuza asanalisindikize. Wina akamalemba pepala lake n'kutchulamo lanulo, kutchulidwako kumawerengedwa. Nambala ya h-index anaiyambitsa Jorge Hirsch mu 2005, ndipo kawerengedwe kake n'kosavuta: ngati ili 20, ndiye kuti munthuyo ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 20. Imakwera ndi zaka, imakweranso munthu akakhala m'gulu lalikulu limene pepala limodzi limalembedwa mayina makumi atatu. Pulofesa munamuonayo mwina wakhala zaka zambiri pa yunivesite yokhala ndi makina a CT (ojambula m'kati mwa thupi magawomagawo) ndi ophunzira omuthandiza. Sindikumuchepetsa ayi, ntchito anaigwira. Koma nambalayo siiuza munthu ngati wodwala wina anapuma bwino chifukwa cha iye.

Taonani za Allan Cormack. Anabadwira ku Johannesburg mu 1924, ndipo sanali dokotala, ankaphunzitsa fizikisi pa yunivesite ya Cape Town. Mu 1956 anapemphedwa kuti azikathandiza ku chipatala cha Groote Schuur, mbali yogwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Kumeneko funso linamugwira: tingadziwe bwanji mmene chezacho chikudutsira m'fupa, m'mnofu ndi m'mapapo, malo ndi malo, popanda kum'ng'amba munthu? Masamu ake anawasindikiza mu 1963 ndi 1964 ali kale ku America. Pafupifupi palibe anawalabadira. Kenako Godfrey Hounsfield, injiniya wa ku England, anapanga payekha makina a CT amene anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo mu 1979 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel. Amene akanawerenga manambala a Cormack mu 1970 akanati bamboyu anataya nthawi.

Koma amene ine ndimamukonda kwambiri ndi Manuel de Abreu, dokotala wa ku Brazil. Chifuwa chachikulu chinkapha anthu ambiri ku Rio de Janeiro, ndipo ankafika ku chipatala matenda atawadya kale. X-ray inalipo, poti Röntgen anaitulukira mu 1895, koma filimu yaikulu inali yokwera mtengo, yosatheka kujambulira mudzi wonse. Mu 1936 Abreu anaonetsa njira yojambula chithunzi cha chifuwa pa kafilimu kakang'ono ka kamera. Mtengo unatsika, ndipo mayiko ambiri anayamba kujambula anthu m'mafakitale, m'sukulu ndi m'misewu. Magalimoto oyendayenda a TB amene mumawaona masiku ano ndi zidzukulu za ganizo limenelo. Funso lake linali la munthu wogwira ntchito pakati pa osauka: tichite bwanji kuti chinthu chimene tili nacho kale chifikire aliyense?

Kuno kwathu nakonso ntchito yoteroyo ikuchitika, ndipo ndikufuna muidziwe bwino chifukwa ndi imene mungalowemo. Madokotala odziwa kuwerenga zithunzi ndi ochepa kwambiri m'Malawi, ndiye maso ambiri ali pa kompyuta. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga X-ray ya chifuwa pofufuza TB kwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Chaka chomwecho Peter MacPherson ndi anzake anasindikiza kafukufuku wotchedwa PROSPECT amene anachitikira ku Bangwe ku Blantyre, woonetsa kuti anthu otsokomola amene anajambulidwa ndi kuwerengedwa ndi kompyuta anayamba mankhwala a TB msanga kusiyana ndi amene anatsata njira ya masiku onse. Zithunzi zimenezo anajambula ndi anthu a ntchito ngati yanu.

Kafukufuku amene anandikhudza mtima ndi wa Jamilah Meghji ndi gulu la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, amene anatuluka mu 2020. Anatsata anthu 405 amene anali atangomaliza mankhwala a TB, n'kuwajambula ndi CT. Oposa anayi mwa khumi alionse anapezeka ndi timachubu ta mpweya tofutukuka ndi towonongeka, vuto limene madokotala amalitcha bronchiectasis, ndipo pafupifupi mmodzi mwa khumi anali ndi chigawo chathunthu cha phapo chitatheratu. Onsewo m'kaundula analembedwa kuti amaliza mankhwala.

Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira malume anga, amene anali msodzi ku Malombe. Anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, makhololo anayera, anauzidwa kuti achira. Koma kukoka khoka sanakuthenso. Akapalasa bwato pang'ono befu limawatha, usiku kutsokomola mpaka ana kudzuka. Patatha chaka ndinawaperekeza ku chipatala china. Anajambulidwa, ndipo amene anawaona anakweza filimu ku windo, naona kuyera kumtunda kwa phapo lamanja, n'kufunsa kuti, "Chithunzi chakale chili kuti?" Malume anali atachisunga pansi pa mphasa, mvula itadontha chinamatirira ku envulopu, sichinkaonekanso kanthu. Munthu uja sindimuimba mlandu. Pa chithunzi chimodzi chokha, chipsera chakale ndi TB yatsopano zimafanana kwambiri, ndipo iye anaopa kubweza munthu amene mwina akudwaladi. Anawayambitsanso mankhwala. Chifuwa sichinasinthe.

Achemwali, chithunzi chakale chija ndi chimene chili m'manja mwanu, ndipo pulofesa wa kunja uja alibe. Ngati makina anu ndi a dijito, dzifunseni kuti zithunzi zimapita kuti kompyuta ikadzaza. Kodi munthu amene munamujambula chaka chatha mungamupeze lero pa mphindi zisanu? Kodi dzina lake linalembedwa mofanana maulendo onse awiri, pamodzi ndi zaka, mudzi, ndiponso ngati anadwalapo TB? Wojambula amene wasunga bwino zithunzi za anthu omwewo, poyamba mankhwala ndi pomaliza, kwa zaka ziwiri kapena zitatu, wagwira chuma chimene ofufuza amachisakasaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo Mangochi ali ndi mafunso akeake. Amayi amene amawamba nsomba m'madooko amakhala mu utsi wa nkhuni tsiku lonse, chaka ndi chaka. Mapapo awo amaoneka bwanji akafika zaka 50? Kuli madala amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela ndi TEBA. Fumbi la mwala wa m'migodi ya golide limasiya timadontho m'mapapo timene wosazolowera angatiyese TB, komanso limachititsa kuti munthu agwidwe TB mosavuta. Kodi pojambula mumafunsa kuti bambo munagwirapo ntchito kuti? Mzere umodzi wokha m'kaundula wanu ungakhale chiyambi cha pepala.

Za sukulu ndinene mosabisa: dipuloma yokha siidzakufikitsani pa upulofesa. Mudzafunika digiri, kenako masitazi, mwinanso PhD, ndipo ndi ulendo wa zaka zambiri. Yunivesite ya MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya zojambula zachipatala. Koma simufunika kudikira digiri kuti muyambe. Yunivesite ya KUHeS, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi nthambi konkuno ku Mangochi, ndipo aphunzitsi ndi ophunzira ake amafuna mitu ya kafukufuku chaka chilichonse. Pitani mukadzionetse, mutanyamula funso limodzi lomveka bwino. Werenganinso Malawi Medical Journal, imapezeka ulere pa intaneti, muone mmene anzanu amalembera.

Zinthu ziwiri ndikuchenjezeni. Kafukufuku aliyense wokhudza odwala amafuna chilolezo cha komiti yoona za ufulu wawo, monga COMREC kapena NHSRC, komanso cha akuluakulu a chipatala chanu, musanatulutse chithunzi ngakhale chimodzi. Zotumizirana zifuwa za anthu pa WhatsApp dzina likuonekera pakona, zimenezo ayi, munthuyo ndi mayi wa wina. Chachiwiri, alendo akabwera kudzapempha zithunzi zanu, kambiranani za dzina lanu pa pepala ntchito isanayambe. Ojambula ambiri amathera pa mzere wothokoza wa kumapeto, pamene ndi iwo anaimika wodwala bwino, anamuuza kuti kokani mpweya, gwirani, ndipo anabwereza chithunzi chitapendekeka. Mukathandiza kukonza funso, kusonkhanitsa ndi kulemba, dzina lanu liyenera kukhala pamodzi ndi olemba ena.

Lolemba likubwerali tsegulani kaundula wanu, muwerenge anthu amene munawajambula miyezi itatu yapitayi amene anadwalapo kale TB, ndipo muone kuti ndi angati amene chithunzi chawo chakale mungachipeze. Mundilembere nambala ziwirizo, tidzakambirane zoyenera kuchita nazo.