"Bu hao yisi" si manyazi amene mukuwaganizawo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira ku yunivesite ku Wuhan, ku China. Akuti tsiku ndi tsiku amangomva "bu hao yisi": m'basi, m'sitolo, ngakhale aphunzitsi akachedwa ndi mphindi ziwiri zokha. Dikishonale ya pa foni yake inamuuza kuti tanthauzo lake ndi "embarrassed", ndipo mnzake wina anawonjezera kuti n'chifukwa choti Matchaina amayendera "shame" (manyazi) pomwe Azungu amayendera "guilt" (kudziimba mlandu mumtima). Ndiye akufunsa: kodi anthuwa manyazi amawagwira choncho kuyambira m'mawa mpaka usiku?

Ayi achimwene. Taganizirani munthu amene akufuna kudutsa pakati pa anthu m'minibasi yodzadza, amati "zikomo, zikomo" uku akupanikiza. Sakuthokoza munthu. "Bu hao yisi" nthawi zambiri imagwira ntchito ngati zikomo ameneyo, kapena ngati "pepani" wopepuka. Munthu amainenanso akapatsidwa mphatso imene akuona kuti yamukulira. Mtima sukhala ukupweteka.

Chimene chakusokonezani ndi chakuti ife mawu amodzi oti manyazi timanyamulira zinthu zambiri. Mwana wobisala kumbuyo kwa chitenje cha amayi ake ali ndi manyazi, wakuba wogwidwa pamsika wachitanso manyazi. Chingelezi chimagawa: mwanayo ndi "shy", wopunthwa pagulu ndi "embarrassed", wakubayo ndi "ashamed". Chitchaina chimagawa kuposa pamenepo. Mwana uja ndi "haixiu". Kukhala chete kosautsa kuja mukamutchula munthu dzina lolakwika ndi "ganga". "Cankui" ndi pamene wadziona wekha kuti sunafike pomwe unayenera kufika, ngakhale palibe wakuona. Ofufuza atatu, Li, Wang ndi Fischer, mu kafukufuku wawo wa 2004 anasonkhanitsa mawu 113 a Chitchaina okhudza manyazi.

Koma mawu a manyazi amene ine amandikoka mtima ndi "chi". M'kalembedwe kakale ndi 恥, khutu kumanzere, mtima kumanja. Confucius, mphunzitsi wakalekale wa ku China, anaphunzitsa kuti ukalamulira anthu ndi malamulo ndi zilango, amangozemba chilango koma sakhala ndi "chi". Ukawatsogolera ndi khalidwe ndi mwambo, amakhala nayo ndipo amadzikonza okha. Mencius, wotsatira chiphunzitso chake, naye anati mtima wochita manyazi ndi poyambira chilungamo. Kumeneko ndiye kuti manyazi ndi chinthu chofunika kuti munthu akhale nacho, ndipo kumuuza wina kuti ndi "wuchi", wopanda manyazi, n'kumutukwana kwambiri. Apa ife sitivutika kumva, chifukwa agogo akati "mwana wopanda manyazi iwe" sakuyamikira kulimba mtima. M'Chingelezi cha masiku ano, makamaka cha alangizi a za maganizo, "shame" imamveka ngati bala lofunika kupoletsa, pomwe "guilt" ndiye amaiona yothandiza chifukwa imaloza chimene walakwitsa, osati iweyo.

Zoti pali mitundu ya anthu yoyendera "shame" ndi ina yoyendera "guilt" zinafala ndi Ruth Benedict, wofufuza za chikhalidwe wa ku America, mu 1946, ndipo iye ankalemba za Japan, osati China. Ine ndimaona kuti n'kugawa kwa ulesi. Mngelezi amene wajambulidwa ataledzera amafiira nkhope ndithu, ndipo Chitchaina chili ndi mawu ake a kudziimba mlandu mumtima, "neijiu".

Pomwe muyenera kusamala ndi nkhani ya nkhope. Mu 1944, wofufuza za chikhalidwe Hu Hsien-chin analemba kuti kwa Matchaina pali nkhope ziwiri. "Mianzi" ndi ulemu umene munthu amaupeza ndi udindo, chuma ndi kudziwika. Mutha kumupatsa munthu, mwachitsanzo pomulola alipire chakudya pamaso pa alendo ake. "Lian" ndi chikhulupiriro cha anthu kuti ndinu munthu wakhalidwe. Kuwakonza aphunzitsi anu m'kalasi, anzanu akumva, kumawachotsera "mianzi", ndipo zimakonzeka. Koma "bu yao lian", kutanthauza wosafuna nkhope, musayerekeze kumunena munthu ngakhale mwanthabwala. Paja "lose face" (kutaya nkhope) ya Chingelezi Angelezi anaitola ku China komweko m'zaka za m'ma 1800.

Chingelezi nachonso chili ndi misampha yake. "What a shame" ndi chisoni chabe, palibe wachita manyazi. Ndipo amene anakhalako ku Johannesburg akudziwa kuti mayi akaona khanda lokongola amati "shame", uku akumwetulira.

Mawa aphunzitsi anu akalowa mochedwa n'kunena "bu hao yisi", musayang'ane pansi ngati mwawapeza akusamba. Muyankhe kuti "mei guanxi", palibe kanthu, mutsegule kope.