Mafunso ndi Mayankho: Kodi Munthu Angakhale Wabwino Popanda Chipembedzo?

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi, ndipo ndakhala Mkhristu chibadwire. Mwana wanga woyamba, yemwe ali ndi zaka 24, anasiya kupita kutchalitchi chaka chatha. Nditamufunsa chifukwa chake, anandiyankha kuti zipembedzo zonse zimaphunzitsa chinthu chimodzimodzi, choncho palibe chifukwa chokakamira chimodzi, komanso kuti munthu atha kukhala ndi makhalidwe abwino popanda kupemphera kwina kulikonse. Chimene chikundithetsa nzeru n'chakuti mnyamatayu sanalowerere ayi: samwa mowa, sanama, ndipo ndi iye amene akulipirira azing'ono ake sukulu. Kodi akunena zoona? Ngati akunena zoona, nanga chikhulupiriro chili ndi ntchito yanji pa moyo wa munthu? — Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cholemba mosabisa, makamaka chifukwa simunamunenere zoipa mwana wanu pofuna kuti mlandu ukukomereni. Iye wanena mfundo ziwiri zosiyana, ndipo ndi bwino kuziyankha padera.

Pa nkhani ya mmene munthu ayenera kukhalira ndi mnzake, zipembedzo zimagwirizanadi modabwitsa. Pa Mateyu 7:12, Yesu anaphunzitsa kuti tizichitira anzathu zimene tikufuna kuti iwo atichitire. Hillel, mphunzitsi wachiyuda amene anakhalako Yesu asanayambe ntchito yake, atauzidwa ndi munthu wina kuti amuphunzitse Chilamulo chonse munthuyo ataima ndi mwendo umodzi, anayankha kuti chimene umadana nacho usamuchitire mnzako, ndipo zina zonse n'zongomasulira mfundo imeneyi. Confucius wa ku China ananena zofanana ndi zimenezi pafupifupi zaka 500 Yesu asanabadwe. Asilamu amasunga mawu a Mtumiki Muhammad akuti munthu sanakhulupirire mokwanira kufikira atafunira m'bale wake zimene amadzifunira yekha, pamene Abuda ali ndi malangizo asanu oletsa kupha, kuba, chiwerewere, bodza ndi zoledzeretsa. N'chifukwa chake atsogoleri a zipembedzo zambiri atakumana ku Chicago mu 1993 anatha kusainirana chikalata cha makhalidwe amene onse amawavomereza.

Koma kugwirizana kumeneku kuli ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene ndikusiyana ndi mwana wanu. Chikhristu chaima pa imfa ya Yesu pamtanda ndi kuuka kwake, pomwe Korani, mu sura 4 vesi 157, imanena kuti Yesu sanaphedwe ndipo sanapachikidwe. Ayuda savomereza kuti Yesu ndiye Mesiya wolonjezedwa. Chibuda sichiphunzitsa za Mulungu wolenga zinthu zonse, ndipo pamodzi ndi Chihindu chimati munthu amabadwanso kambirimbiri, pamene Akhristu ndi Asilamu amayembekezera moyo umodzi wotsatiridwa ndi chiweruzo. Izi si zinthu zazing'ono zoti n'kuzikankhira pambali. Munthu amene amauza Msilamu ndi Mkhristu kuti amakhulupirira zofanana amaoneka ngati akuwalemekeza, koma kwenikweni sanamvetsere aliyense wa iwo.

Ndionjezepo pang'ono za kayerekezedwe kake, pakuti ambiri a ife timalakwitsa pomwepa. Timatenga ziphunzitso zokongola za chipembedzo chathu n'kuziyika pafupi ndi zochita zoipa za anthu a chipembedzo china, kenako n'kunena kuti tapambana. Chilungamo chimafuna kuti chiphunzitso chiyerekezedwe ndi chiphunzitso, ndipo zochita ziyerekezedwe ndi zochita. Mpingo wa Katolika unasonyeza njira yabwino mu 1965, pamene unalengeza m'chikalata cha Nostra Aetate kuti sukana chilichonse choona ndi chopatulika chopezeka m'zipembedzo zina, koma osasiya kulalikira Khristu.

Tsopano funso limene likukuwawani kwambiri: kodi munthu wosapemphera angakhale wabwino? Yankho langa ndi lakuti inde, ndipo Baibulo lanu lomwelo silikana. Pa Aroma 2:14-15, Paulo analemba za anthu a mitundu ina amene alibe Chilamulo koma amachita zimene Chilamulo chimafuna, popeza zinalembedwa m'mitima mwawo ndipo chikumbumtima chawo chimachitira umboni. Kumbukiraninso fanizo la pa Luka 10, mmene wansembe ndi Mlevi anamulambalala munthu wovulazidwa uja, koma amene anadzamuthandiza anali Msamariya, yemwe Ayuda ankamuona ngati wosokera pa zachipembedzo. Mbiri nayonso imatichititsa manyazi okhulupirirafe. Ku Rwanda mu 1994, anthu pafupifupi 5,000 amene anathawira m'tchalitchi cha ku Ntarama anaphedwera momwemo, m'dziko limene ambiri anali obatizidwa. Ku South Africa kunali abusa amene ankateteza tsankho ndi Baibulo m'manja, ndipo Desmond Tutu anawatsutsa ndi Baibulo lomwelo. Ubatizo pawokha sunamuletsepo munthu kunyamula chikwanje.

Ndiye chikhulupiriro n'cha ntchito yanji? Mmene ndikuonera ine, ntchito yake yaikulu si kutidziwitsa kuti kuba n'koipa, pakuti ngakhale kamwana kamene kalandidwa chidole kamadziwa zimenezo. Vuto la munthu ndi lakuti amadziwa chabwino koma amalephera kuchichita pamene chikumuwawa, pamene palibe womuona, kapena pamene woyenera kuchitiridwa chabwinocho ndi mdani wake. Taganizirani za Msilamu amene ali yekha m'nyumba masana a mwezi wa Ramadan, kukhosi kuli gwa ndi ludzu, madzi ozizira ali pomwepo, koma osawakhudza mpaka dzuwa litalowa. Palibe wapolisi womulondera, ndipo tsiku ndi tsiku akuphunzitsa mtima wake kudziletsa pamaso pa Mulungu yekha. Chimodzimodzinso zakaat, imene imalamula Msilamu amene chuma chake chafika pa mlingo woikika kupereka magawo 2.5 pa 100 aliwonse chaka ndi chaka kwa osowa: kuthandiza osauka sikudikiranso tsiku limene munthu wadzuka ndi chifundo. Mkhristu amene sabata iliyonse amapempha kuti akhululukidwe monga iyenso akhululukira omulakwira amakumbutsidwa za ngongole imene akanakonda kuiiwala.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha anthu awiri a ku Kaduna, m'dziko la Nigeria. Pa zipolowe za pakati pa Akhristu ndi Asilamu mu 1992, M'busa James Wuye anaduka dzanja, ndipo Imamu Muhammad Ashafa anaferedwa mphunzitsi wake ndi abale ake awiri. Aliyense anali mbali yake ya nkhondoyo, ndipo chipembedzo chinali m'gulu la zimene zinakoleza motowo. Komabe atakumana mu 1995, aliyense anapeza m'chikhulupiriro chake lamulo la kukhululuka limene sakanatha kulizemba, mpaka anayambitsa limodzi bungwe loyanjanitsa anthu a zipembedzo ziwirizi. Palibe amene anasiya chipembedzo chake kapena kunena kuti ziwirizi n'zofanana. Sindikunena kuti wosapemphera sangakhululuke, pakuti alipo amene amatero, koma iye amayenera kupeza kwina mphamvu, chikumbutso ndi gulu la anzake omulimbikitsa, zimene wokhulupirira amazipeza pamalo amodzi.

Za mwana wanuyo, Mayi, ndikupemphani kuti musamayese ubwino wake ngati chinthu chopanda pake chifukwa choti sapita kutchalitchi. Muuzeni mosapita m'mbali kuti mumaona mmene akusamalirira azing'ono ake ndipo mumanyadira. Kenako, tsiku lina muli awiriwiri, mufunseni modekha chimene chinachitika asanasiye kupita kutchalitchi, popeza nthawi zambiri mawu akuti zipembedzo zonse n'zofanana amaphimba bala lina, monga chinyengo chimene munthu anachiona mwa mtsogoleri kapena funso limene anafunsa n'kukalipiridwa m'malo moyankhidwa. Akayamba kulankhula, musamudule mawu ndi vesi, ngakhale vesilo likhale loyenera bwanji. Mulekeni amalize, ndipo ngati zimene anaonazo zinali zoipadi, vomerezani pamaso pake kuti zinali zoipa.