Funsani za Maulendo: Kukaona bambo a ana ku Moatize

Funso

Zikomo bambo. Ine ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimagulitsa kaunjika. Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, adapeza ntchito pa kampani ina yokonza magalimoto a mumgodi ku Moatize, m'dziko la Mozambique. Kuno amabwera mwa apo ndi apo, ndiye akuti ulendo uno tipite ndife tikaone komwe amakhala. Akufuna tinyamuke mu Okutobala akalandira ndalama ya ovataimu. Mwana wamkulu ali ndi zaka 9, wamng'ono ali ndi zaka 4 ndipo amavutika ndi mphumu. Ine sindinatulukepo m'dziko muno. Kumeneko n'kotani, ndipo ndikonzekere bwanji?

*Mayi a awiri, Chilomoni*

Yankho

Mayi, pitani ndithu. Moatize si kutali monga mukuganizira. Kuchoka pa Wenela kukafika kumeneko ndi makilomita 200 ndi pang'ono, ndiye kuti Lilongwe ndiye ali kutali. Koma za Okutobalazo muwakanire bambowo mwaulemu. Ndalamayo asunge, mudzapite kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti, sukulu zitatsekera. Paja wa zaka 9 uja mu Okutobala amayenera kukhala ali m'kalasi.

Nkhani yaikulu ndi dzuwa. Ife kuno ku Blantyre tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, n'chifukwa chake ngakhale kutenthe bwanji usiku timapumako. Moatize ndi Tete zili pansi, m'chigwa cha Zambezi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo nyumba ya malata siizizira mpaka mbandakucha. Amene adagonapo ku Nchalo kapena ku Ngabu miyezi imeneyi akudziwa zomwe ndikunena. Mvula kumeneko imagwa pafupifupi theka la imene timalandira kuno. Mukangotsika mapiri a ku Zobue mudzaona dziko likusintha: udzu wofiira, milambe, mitengo ya tsanya ndi ya masawu, mitsinje ya mchenga wokhawokha, ndi mbuzi paliponse. M'miyezi ya chisanu masana kumatenthabe, koma ndi kutentha koti mwana angathe kusewera panja m'mawa ndi madzulo.

Njira yake ndi yosavuta. Mukwere minibasi ya ku Mwanza, mudutse Lirangwe, muoloke Shire pa Zalewa n'kukhotera kumanzere. Pa chipata cha Mwanza mudinditse pasipoti, kenako pali kamtunda ndithu kuti mukafike pa chipata cha anzathuwo ku Zobue, ndipo pamenepa pamakhala akabaza ndi timagalimoto. Mukadinditsa ku Zobue mukwera minibasi ya ku Tete, imene eni ake amati chapa. Moatize mumayamba kufika, Tete ali makilomita ngati 20 kutsogolo. Munyamuke ku Chilomoni kusanache kuti malire muoloke m'mawa, mufike dzuwa lisanalowe. Ine ndidagwirapo ntchito yothandiza madalaivala kulemba zikalata za katundu pa Mwanza, ndipo anthu amene ndinkawamvera chisoni kwambiri ndi amayi ofika pachipata madzulo ndi ana otopa, magalimoto a tsidya linalo atatha.

Mmalawi wopita kukacheza ku Mozambique safunika viza ngati sakhalako kupitirira masiku 30. Pasipoti ndiyo yofunika, ndipo mwana aliyense akhale ndi yake. Poti mukuyenda ndi ana bambo awo palibe, kafunseni ku ofesi ya Immigration kuno ku Blantyre zikalata zomwe akufuna masiku ano, ndipo muyambe msanga, musadikire sabata yomaliza. Mukadinditsa, yang'anani nokha tsiku limene alemba. Pasipotiyo muziyenda nayo ngakhale popita kumsika, chifukwa apolisi a kumeneko amaifunsa mumsewu. Ndalama yawo ndi metical. Pamalire musinthe yongokwanira chapa ndi madzi, muwerenge kawiri m'manja mwanu musanapereke makwacha anu. Zina bambowo akakupatsani komweko.

Za chilankhulo musade nkhawa kwambiri. M'maofesi ndi Chipwitikizi, koma mumsika anthu amalankhula Chinyungwe, ndipo inu mukalankhula Chichewa pang'onopang'ono mudzamvana. Mbali ya Zobue ambiri amalankhula ngati ife tomwe.

Tsopano za tauniyo. Musayembekezere mzinda wonga Limbe. Moatize ndi tauni yaing'ono yomera m'mbali mwa msewu ndi njanji, ndipo chilichonse kumeneko chimayendera malasha. M'mawa mumakumana ndi mabasi a makampani atadzaza anthu a maovolosi ndi zisoti, masana mathiraki, madzulo mabasi omwewo akubwerera. Malasha akhala akukumbidwa kumeneko kuyambira nthawi ya Apwitikizi, koma kale inali migodi ya pansi pa nthaka. Zinthu zidasintha pamene kampani ya ku Brazil ya Vale idapatsidwa malo mu 2004 n'kuyamba kutulutsa malasha mu 2011. Iyo idatsegula mgodi wa pamtunda: amachotsa dothi, amaphulitsa miyala, makina amakokolola, magalimoto aakulu kuposa nyumba yanu ya ku Chilomoni amatutira kumalo otsukira. Ambiri mwa malashawo ndi aja osungunulira chitsulo m'mafakitale a kunja, ena ndi opangira magetsi. Vale idagulitsa mgodiwo pamodzi ndi njanji yake ku kampani ya Vulcan, ya amwenye a Jindal, pa mtengo wa madola 270 miliyoni, ndipo eni atsopanowa adatenga mu 2022.

Ndakufotokozerani zonsezi chifukwa cha mwana wanu wamng'onoyo. Mgodi wa pamtunda umatulutsa fumbi, ndipo mgodi wa Moatize uli pafupi kwambiri ndi nyumba za anthu. Fumbi lake ndi lakuda komanso losalala. Limalowa pansi pa chitseko, limadetsa zovala pachingwe, ufa woyanika panja umasintha mtundu. Akaphulitsa miyala mazenera amanjenjemera ndipo mtambo wakuda umakwera, mphepo n'kuupititsa komwe yafuna. Mu 2018 anthu okhala m'mbali mwa mgodiwo adatopa nazo, adalowa mkati n'kuimitsa ntchito. Akuluakulu adati walira mvula walira matope, koma ku Moatize matope ambiri adagwera anthu amene mvulayo sadaiitane. Ndiye musananyamuke muwafunse bambowo mafunso enieni. Nyumbayo ili dera liti? Mulu wa dothi la mumgodi umaoneka pakhomo? Mazenera ali ndi magalasi? Denga lili ndi siling'i? Akayankha mozungulira, dziwani kuti nyumbayo ili pafupi ndi fumbi. Zikatero ndi bwino alipire chipinda ku Tete kwa masiku ochepawo, iwo azibwera akaweruka, kusiyana n'kuti mwana akabanike usiku kudziko la eni.

Mwanayo mupite naye kuchipatala kuno musanapite, mukawauze adokotala komwe mukupita. Mutenge inhela ziwiri, ina m'chikwama cha m'manja, ina m'katundu, ndi buku lake la kuchipatala. Mukafika, tsiku loyamba lomwelo bambowo akuonetseni chipatala chapafupi ndipo mugwirizane galimoto yomwe mungaitane usiku. Pansi muzikolopa ndi nsanza yonyowa m'malo mosesa, ndipo mphepo ikamachokera kumgodi mutseke mazenera. Mutengenso neti, chifukwa udzudzu wa m'chigwa cha Zambezi suona nyengo. Madzi akumwa akhale a m'botolo kapena owiritsa, ndipo ana muziwamwetsa asanapemphe. Mapaketi angapo a Thanzi salemera.

Ndisakuopsezeni mpaka kusiya ulendo. Kuli zoti ana akaone. Sitima ya malasha ija imadutsa ku Mwanza, Neno, Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi imayambira ku Moatize komweko, ndipo imayenda makilomita 912 kukafika kudoko la Nacala-a-Velha, ikukoka mabogi oposa 100. Wamkuluyo akaiona ikunyamuka adzakhala ndi nkhani yosimba kusukulu chaka chonse. Anthu siinyamula, musavutike kufunsa. Lamulungu bambowo akapuma, pitani ku Tete mukaone Zambezi ndi mlatho wa Samora Machel wolendewera pa zingwe zachitsulo, umene udamangidwa nthawi ya atsamunda. Mathiraki olemera masiku ano amadutsa pa mlatho wina wa Kassuende, umene udatsegulidwa mu 2014. Mukadye nyama ya mbuzi yootcha, chifukwa mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka m'dziko lonselo, ndipo ine ndimavomereza kuti imaposa ya pa Lunzu, ngakhale a pa Lunzu andikwiyire. Buledi wawo wa m'mawa ndi wabwino, ndipo nsomba zouma za ku Cahora Bassa mungabwere nazo. Chimodzi chokha: foni muisunge mukakhala pafupi ndi apolisi, asilikali, pamlatho kapena pageti ya mgodi. Kujambula malo amenewa kumaputa milandu.

Pomaliza, Mayi, mukapeza bambowo akukhala m'kachipinda kopanda kanthu, musawanyoze. Lendi ku Moatize ndi yokwera chifukwa cha makampani, ndipo amuna ambiri amadzimana kumeneko kuti ndalama ifike kunyumba.

Funso

Achimwene, ine ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Ndirande. Ndili ndi laisensi yoyendetsa thiraki koma ntchito kuno kulibe. Anzanga akuti ku Moatize ungofika pageti ndi laisensi, mawa lake wayamba. Ndigulitse njinga yanga yamoto ndipite?

*Wofuna ntchito, Ndirande*

Yankho

Mphwanga, njingayo usagulitse. Anzakowo uwafunse kuti mwa iwo ndani adalembedwapo ntchito pageti.

Masiku 30 aja ndi a mlendo wokacheza, ndipo ukapezeka ukugwira ntchito ndi chidindo chimenecho walakwira lamulo, iwe pamodzi ndi wokulembayo. Malamulo a ku Mozambique amaika malire pa chiwerengero cha alendo amene kampani ingalembe: kampani yaikulu imaloledwa alendo 5 pa antchito 100 alionse. Malo ochepawo amawasungira mainjiniya ndi amisiri a luso losowa. Madalaivala ku Tete ndi ambirimbiri, amalankhula Chipwitikizi, ndipo nawonso akudikira pageti pomwepo. Komanso galimoto ya mumgodi si thiraki ya pamsewu, ili ndi maphunziro ndi ziphaso zakezake.

Udziwenso kuti tauni ya mgodi imakwera ndi kutsika ndi mtengo wa malasha kunja. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto idagula migodi ya kumeneko, kuphatikizapo wa Benga, pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Mu 2014 idaigulitsa pa madola 50 miliyoni okha. Ngati akuluakulu a ndalama adapsa manja chotero, amene amayamba kuchotsedwa zinthu zikavuta ndi waganyu wopanda mapepala.

Ngati mtima wako uli pa msewu umenewu, yambira kuno. Makampani a mathiraki a ku Blantyre ndi ku Limbe amatumiza magalimoto tsiku lililonse kudzera pa Mwanza, Moatize ndi Tete kupita ku Beira, Harare ndi Johannesburg. Kayambe ngakhale ngati wothandiza dalaivala. Udzaidziwa njira, udzatola Chipwitikizi cha pamsewu, ndipo ukadzamva za ntchito ku Moatize udzakhala utaona kale ndi maso ako. Wina akakuuza kuti ulipire ndalama kuti akupezere malo kumgodi, umusiye pomwepo.

Funso

Ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina ku Bangwe. Ndikufuna kupita ndi ophunzira a Fomu 4 kukaona mgodi wa Moatize. N'zotheka?

*Mphunzitsi, Bangwe*

Yankho

Aphunzitsi, maganizowo ndi abwino, koma mumgodi simulowa munthu wongofika. Mulembere kampaniyo kalata miyezi ingapo isanafike nthawi, kudzera kwa ahedi ndi ku ofesi ya maphunziro, ndipo musalipire basi yankho lisanabwere. Chimene chingakugwetseni mphwayi ndi mapasipoti a ana onsewo ndi makalata a makolo. Basi nayo imafunika chilolezo cholowera ndi inshuwalansi yogula pamalire.

Zikatheka, musathere pa makina okha. Kuti mgodiwo utsegulidwe, mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010. Ambiri adapititsidwa ku Cateme, makilomita ngati 40 kuchokera ku Moatize, kutali ndi msika ndi mtsinje, ndipo mu Januwale 2012 adatseka njanji podandaula za minda ndi nyumba zong'aluka. Ophunzira amene mawa adzamve za migodi ya ku Kayelekera, Kangankunde kapena Kasiya ayenera kuidziwa mbali imeneyinso.

Mapasipoti akakanika, pitani nawo ku Nkaya m'boma la Balaka. Pamenepo njanji yatsopano yochokera ku Moatize imakumana ndi yakale ya kuno, ndipo sitima za malasha zimadutsa ana akuona. Ndi ulendo wa tsiku limodzi, ndipo chilolezo cha makolo ndi cha a njanji n'chokwanira.