Kodi wa zaka 17 wothyola nyumba ndi mwana?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndikumva kuti madera ena akweza zaka zimene wachinyamata amayamba kuzengedwa mlandu ngati munthu wamkulu, kuchoka pa 16 kufika pa 18. Kodi kumeneku si kulekerera ana kuti azichita zauchigawenga? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma lamulo lotere silimasula wopalamula. Limasintha khoti lomuzenga, malo omusunga ndi chilango chake.

Pali zaka ziwiri zimene anthu amasokoneza. Pali zaka zimene mwana amayamba kuyankha mlandu, zomwe komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inalangiza mu 2019 kuti zisachepere 14. Ndiye pali zaka zimene amasiya kutengedwa ngati mwana, zomwe pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 limati ndi 18. Inu mwafunsa zachiwirizi.

Taonani mmene dera la New York ku America linachitira. Lamulo linadutsa mu 2017, koma analiyamba pang'onopang'ono: a zaka 16 pa 1 October 2018, a zaka 17 patatha chaka. Milandu ing'onoing'ono imapita kukhoti la mabanja. Ikuluikulu imayambira kugawo la achinyamata m'khoti la milandu, ndipo ngati mwanayo anavulaza munthu kwambiri, anaonetsa mfuti kapena anagwirira, mlandu nthawi zambiri umakhala komweko.

Chifukwa chokwezera zakazi n'chomwe chimatikhudza. Mnyamata woba foni mukamutsekera chipinda chimodzi ndi akabwerebwere, amagona pakhomo pa chimbudzi, amalandidwa chakudya, ena amamuchita zachipongwe usiku. Kuti apulumuke amadziphatika kwa wamkulu womuteteza, ndipo ameneyo ndiye amakhala mphunzitsi wake. Kafukufuku amene bungwe la zaumoyo la CDC ku America linasindikiza mu 2007 anapeza kuti achinyamata ozengedwa ngati akuluakulu ankamangidwanso kwambiri kuposa anzawo otsalira kukhoti la ana. Mbiri ya mlandu imamutsekeranso ntchito akatuluka.

Zimene zimavuta ndi ziwiri. Choyamba ndi malo ndi anthu ogwira ntchito. A zaka 16 ndi 17 ndiwo amakhala ndi milandu yambiri, choncho mukawasamutsa tsiku limodzi, nyumba zosungira ana zimadzaza, alangizi amachepa, ana n'kubwezedwa kundende ya akuluakulu komwe lamulo linawachotsa. Komanso wa zaka 17 sayenera kugona chipinda chimodzi ndi wa zaka 12.

Chachiwiri ndi kutsimikiza zaka. Zowerengedwa ndi za tsiku limene anapalamula, osati tsiku la kukhoti. Kalata ya kubadwa ikasowa, khoti lione zolembedwa zakusukulu, zakuchipatala ndi umboni wa makolo. Kujambula mafupa a dzanja kumatha kuphonya ndi chaka kapena ziwiri, ndipo pakakhala chikayiko, komiti ija imati atengedwe ngati mwana. Ndiye mwana wanu akamangidwa, thamangirani kupolisi ndi chikalata chosonyeza tsiku limene anabadwa asanalembetse sitetimenti.