Gogodela wa kaunjika: musathamangire kuomba, achimwene

Imelo ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu wina ali ku Pennsylvania, ku America, akuti wagula mfuti ya flintlock yogwirapo kale ntchito, ya .50 (bowo la mpope wake ndi theka la inchi), ndiye akufuna adziwe poyambira poti kumeneko kuli nyengo yosaka agwape ndi mfuti za mtunduwu zokha, imayamba Khisimisi ikangodutsa.

Achimwene, mwagulayo ndi gogodela amene agogo athu ankasakira uja, onga ndi chipolopolo zimalowera kukamwa, moto umachokera pa kamwala kokhula chitsulo chotchedwa frizzen. Ndiye musanachite china chilichonse onani ngati mulibe kanthu mkati. Anthu amaiwala, mfuti imatha kukhala zaka pakhoma ili ndi onga ndipo ongawo suola ayi. Lowetsani ndodo yoshindira mpaka igunde pansi, ikani chizindikiro, itulutseni muiyeze kunja kwa mpope. Ikalephera kufika pa kabowo ka m'mbali mwa mpope kolowetsa moto ku onga ndiye kuti muli zinthu, pitani nayo kwa okonza mfuti. Ngakhale ikhale yopanda kanthu apatseni aione ndithu, dzimbiri la mkati simungaliweruze nokha.

Onga ukhale black powder weniweni basi, onga wakuda wachikale uja. Wa mfuti zamakono, smokeless uja, umaphulitsa mpope m'manja mwanu, apa sindikuseka. Pyrodex naye, onga wopangidwa kulowa m'malo mwa black powder, pa flintlock amavuta kuyaka, mungotopa naye. Gulani FFg kapena FFFg wa mumpope (ma F akamachuluka ongawo ndi wosalala kwambiri), FFFFg pang'ono chabe wa pa kambale ka pafupi ndi kabowo kaja pomwe moto umayambira. Yambani ndi magireni 50 (gireni ndi muyezo wa kulemera kwa onga), chipolopolo cha .490 chokulunga m'kansalu kopaka mafuta, ndipo muziyeza kaye ndi muyezo wake, osathira molunjika kuchokera m'botolo chifukwa kamoto kotsalira mkati kakhoza kuyatsa botolo lonse nkhope ili pompo. Shindirani mpaka chipolopolo chikhale pa onga penipeni, mukasiya mpata mpope umatupa.

Nthawi zina mukoka chala, pa kambale pangoti phuu koma osalira. Musaisuzumire! Ilozeni komwe mumaombako kwa mphindi yathunthu, kenako tokosani kabowo ndi kawaya muthirenso wa pa kambale. Valani magalasi, komanso mnzanu asaime mbali ya kabowoko, kamalavula moto.

Chimene chimapha mfuti zambiri za kaunjika ndi ulesi wotsuka. Mwaye wa onga umakoka chinyontho, ine ndinasiyapo yanga mpaka mawa lake ati ndatopa, ndinapeza mkati mwayamba kale kufiira. Tsukani tsiku lomwelo ndi madzi, nsalu izituluka yoyera, umitsani bwinobwino kenako mafuta. Mafutawo asakhudze frizzen kapena kamwala, zikatero sizithetheka.

Timiyala gulani tambiri, kamodzi kamabuntha mukaomba maulendo makumi angapo. Ndipo Disembala asanafike pitani ku renji, malo ophunzirirako kuomba, kangapo, chifukwa moto wothetheka pafupi ndi diso umadzidzimutsa aliyense poyamba ndipo dzanja limagwedezeka chipolopolo chisanatuluke.