Kwa achemwali amene afunsa za chipale chofewa

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake anzathu ena okhala kunja amasangalala chipale chofewa chikagwa pamene ena amadandaula ngati kwagwa tsoka, ndipo mukufuna kudziwa zimene zikukudikirani popeza mukupita ku Britain kukagwira ntchito mu Januwale. Ine ndimaona kuti nkhani yagona pa mmene malowo anakonzekerera komanso pa thumba la munthu, monga mmene mvula imodzimodziyo imakondweretsera mlimi wa ku Kasungu pamene wa ku Nsanje wayamba kuyang'ana mtsinje wa Shire ndi nkhawa.

Pa 10 Julayi 2023 ku Johannesburg kunagwa chipale koyamba chigwereni mu 2012, ndipo ana ndi akulu omwe anathamangira panja kukachigwira ndi manja, chifukwa kumeneko chimabwera patalipatali n'kusungunuka msanga. Koma mumzinda womwewo muli anthu ogona m'tinyumba ta malata, ena mwa iwo abale athu, amene usiku wotero amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko, pamene mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. Mu Seputembala 2024 chipale chinatseka msewu wa N3, wolumikiza Johannesburg ndi Durban, pamalo a mapiri otchedwa Van Reenen's Pass, anthu n'kuchezera m'galimoto usiku wonse, ndipo sindikhulupirira kuti amenewo amachikumbukira ndi chimwemwe.

Kumene chimagwa chaka ndi chaka anthu anachizolowera. Ku Montreal, m'dziko la Canada, kumagwa chipale chokwana pafupifupi mamita awiri pachaka, koma mzindawo uli ndi magalimoto ochichotsa m'misewu, ndipo lamulo la chigawo cha Quebec, kumene kuli mzindawo, limakakamiza oyendetsa galimoto kuika matayala a nyengo yozizira kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Marichi. Ku Sapporo, m'dziko la Japan, amachita kuchikonzera chikondwerero mu Febuluwale, mwambo umene unayamba mu 1950.

Britain ali pakatikati, ndipo m'pamene pali vuto. Kummwera kwa dzikolo chipale sichigwa kawirikawiri, choncho chikagwa chochuluka zinthu zimasokonekera, monga zinachitikira kumapeto kwa Febuluwale 2018 pamene sukulu zambiri zinatsekedwa ndipo sitima zina zapamtunda zinaima. Mwana amene sukulu yake yatsekedwa amakondwera, koma mayi wosamalira okalamba amene ayenera kufika pantchito mbandakucha amaima pa siteji ya basi zala zitauma, osadziwa ngati basiyo ibwera. Choopsa kwambiri chimabwera mawa lake, chipale chikasungunuka masana n'kuumanso usiku, chifukwa njira ya oyenda pansi imaoneka ngati yangonyowa chabe koma imaterera moti anthu amathyoka mikono. Onjezerani pamenepo mdima, popeza ku London dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo mu Januwale, ndiponso ndalama zolipirira gasi wotenthetsa nyumba, zimene zimapweteka munthu amene akutumizanso kangachepe kumudzi.

Musadalire juzi imene munkavala ku Dedza mu Juni, ngakhale ili yokhuthala. Mukafika mugule nsapato zosalowa madzi zokhala ndi mano kunsi, magolovesi ndi chipewa chophimba makutu, ndipo muzivala zovala zingapo zopepuka mophatikiza kuti muzitha kuvulako mukalowa m'nyumba yotentha. Musanasaine pangano la lendi, mufunsenso eni nyumba ngati ndalama ya gasi ili momwemo kapena mudzalipira padera.